Wolowa Ufumu M'mafilimu ndi Vuto la Mau a Chibale Pomasulira

1. Mau Oyamba

Nkhani ya mwana wachifumu amene akudikira mpando wa makolo ake, kapena kuulimbirana ndi abale ake, ndi imodzi mwa nkhani zimene opanga mafilimu ndi masewero a pa wailesi yakanema satopa nazo. Kuyambira mu 1986 pamene sewero la Shaka Zulu lidaonetsedwa koyamba ku South Africa, kufikira mu 2023 pamene sewero la The Crown lidatha, anthu a m'chigawo chathu chino aonera mafumu ambiri akumwalira ndi ena akulongedwa m'malo mwao. Ambiri mwa mafilimuwa amafika kwa anthu athu kupyolera mwa womasulira. Ena amakhala ndi mau olembedwa m'munsi mwa chithunzi, pamene ena amaikidwa liu la womasulira pamwamba pa mau a ochita sewero, monga zimachitikira m'nyumba zoonetsera mavidiyo m'misika ya m'Malawi.

M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti filimu iliyonse ya mtundu uwu imatsamira pa lamulo lina la kalowedwe ka ufumu, ndi kuti lamulolo kawirikawiri silinenedwa poyera koma limakhala m'kati mwa mau a chibale, maina a maudindo ndi mau a ulemu. Womasulira akangotola liu limene lili pafupi, amasintha lamulolo mosadziwa, kotero kuti woonera amaweruza mlandu wosiyana ndi umene mlembi adaulemba. Zitsanzo zathu tazitenga m'Chichewa, Chizulu, Chitswana ndi Chingerezi.

2. Njira Zitatu za Kalowedwe ka Ufumu

Njira yoyamba ndi ya ku Britain, imene tikuiona mu The Crown, sewero la zigawo 60 limene adalemba Peter Morgan ndipo lidayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2016. Kumeneko wodzalowa ufumu amadziwika pa tsiku lobadwa, ndipo palibe bwalo limene limakhala pansi kuti limsankhe. Edward VIII atatula pansi ufumu mu 1936, mng'ono wake adalowa, ndipo mwana woyamba wa mng'onoyo, Elizabeth, adakhala wotsatira. Bambo ake atamwalira pa 6 February 1952, iye adakhala mfumu nthawi yomweyo ngakhale kuti anali ku Kenya. Kale mwana wamwamuna ankadumpha mlongo wake wamkulu, koma lamulo la mu 2013 lidathetsa zimenezo. Popeza funso lakuti adzalowa ndani lidayankhidwa kale, sewero la mtundu uwu limasimba za kudikira, monga momwe Charles, wobadwa mu 1948, adadikira mpaka mu 2022.

Njira yachiwiri ndi ya Azulu ndi Atswana. Nakonso ufumu umatsata kuchimuna, koma kubadwa koyamba pakokha sikukwanira. Chofunika ndi nyumba imene mwanayo wabadwira, ndiye kuti udindo wa mai ake pakati pa akazi a mfumu, ndiponso kuvomereza kwa akuluakulu a banja ndi kwa anthu pabwalo. Mfumu Goodwill Zwelithini atamwalira mu 2021, amene adalowa ndi Misuzulu, amene sanali mwana wamwamuna woyamba, koma mai ake, Mantfombi Dlamini, anali mwana wa Mfumu Sobhuza II ya ku Swaziland ndipo ankawerengedwa kukhala mkazi wamkulu. Ena a m'banjamo adakana, ndipo mlandu udapita kumakhoti.

Njira yachitatu ndi ya Achewa. Ufumu umatsata bere, ndiye kuti kuchikazi. Mwana wobereka mfumu si wa mbumba ya mfumuyo. Kwao ndi kwa mai ake. Wolowa amasankhidwa pakati pa abale a mfumu a mai mmodzi ndi ana a alongo ake, ndipo amai aakulu a mbumba amakhala ndi liu lalikulu posankhapo. Tsono tiyenera kukumbukira kuti olankhula Chichewa si onse amatsata njira imeneyi. Angoni a Gomani ku Ntcheu amalankhula Chichewa koma ufumu wao umatsata kuchimuna. Motero womasulira m'Chichewa ali ndi oonera a miyambo iwiri, pamene filimuyo mwina ikutsata mwambo wachitatu.

3. Amalume a M'mafilimu

Chingerezi chili ndi liu limodzi, uncle, lotchulira mlongo wa mai ndiponso mkulu kapena mng'ono wa bambo. Zinenero zathu zimasiyanitsa. M'Chichewa mlongo wa mai ndi malume kapena mtsibweni, pamene mng'ono wa bambo ndi bambo wamng'ono. Chizulu chili ndi umalume ndi ubaba omncane, ndipo Chitswana chili ndi malome ndi rangwane. Chodabwitsa nchakuti pafupifupi m'mafilimu onse a wolowa ufumu, munthu wotchedwa uncle amakhala wa kuchimuna, pamene liu limene womasulira amathamangira ndi lakuti malume, kapena liu lobwereka lakuti ankolo limene lafala m'matauni.

Titenge filimu ya The Lion King ya mu 1994. Mufasa ndi mfumu, Simba ndi mwana wake, ndipo Scar ndi mng'ono wa Mufasa amene akudandaula kuti kubadwa kwa Simba kwamchotsa pa mzere. Tiyerekeze kuti Simba akudandaula, ndipo womasulira ali ndi ziganizo ziwiri izi:

(1) a. Amalume andilanda ufumu wa bambo anga.
b. Bambo aang'ono andilanda ufumu wa bambo anga.

Chiganizo (1a) nchosamveka pa mwambo uliwonse mwa itatu ija, chifukwa malume ndi mlamu chabe wa bambo ndipo alibe njira yofikira pa mpando wao. Kwa Mchewa liuli likuonjezanso chisokonezo china, popeza malume ndiye munthu amene mwana amayembekeza kudzalowa m'malo mwake. Chiganizo (1b) ndicho cholondola, ndipo chikuonetsa kukula kwa tchimo la Scar, pakuti amene akufuna kupha mwanayo ndi kholo lake lomwe. Komabe woonera wa mwambo wa kuchikazi angathe kunena kuti Scar, ngati ali wa bere limodzi ndi Mufasa, ali pafupi ndi mpando kuposa Simba. Mlandu wake ndi wakupha, osati wolanda ufumu. Womasulira sangathetse kusiyana kumeneku, koma ayenera kusankha mau oonetsa kuti dziko la m'filimumo limatsata kuchimuna.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha mbiri yeniyeni. Filimu ya A United Kingdom, imene adatsogolera Amma Asante mu 2016, ikusimba za Seretse Khama wa ku Bechuanaland. Bambo ake, Sekgoma II, adamwalira mu 1925 iye ali ndi zaka zinai, ndipo Tshekedi Khama, mng'ono wa Sekgoma, adagwirizira ufumu wa Bangwato. Seretse atakwatira Ruth Williams ku London mu 1948, Tshekedi adakana ukwatiwo. Nkhani idakambidwa katatu pa kgotla ku Serowe, ndipo pa msonkhano wa mu June 1949 anthu adavomereza Seretse pamodzi ndi mkazi wake. Boma la Britain lidamletsa kukhala kwao kuyambira mu 1950, ndipo adabwerera mu 1956 atatula ufumu. Pano Tshekedi ndi rangwane, ndipo mphamvu yake yokana ukwati idachokera pa kukhala bambo amene adalera mwanayo ndi kusunga mpando wake. Tikamutcha malume, woonera Wachichewa adzamva bwino chifukwa chimene akulowerera pa ukwati, popeza malume ndiye nkhoswe, koma adzaganiza kuti ufumuwo ndi wa Tshekedi ndipo Seretse akudikira imfa yake. Chimenechi ndi chosemphana ndi nkhani yonse.

Pa udindo wa Tshekedi zinenero zathu zikugwirizana mokondweretsa. Chitswana chimati motshwareledi, kuchokera ku mneni tshwara. Chizulu chimati ibambabukhosi, kuchokera ku mneni bamba. Chichewa chimati wogwirizira, kuchokera ku mneni gwira. Aneni atatu onsewa ali ndi tanthauzo limodzi, ndipo onse akusonyeza kuti munthuyo wanyamula chinthu cha mwini wake.

Mu Black Panther, filimu ya mu 2018, Killmonger ndi mwana wa N'Jobu, mng'ono wa mfumu T'Chaka. Chingerezi chimati iye ndi T'Challa ndi ma cousin, ndipo womasulira angafulumire kunena kuti msuweni. Koma msuweni ndi mwana wa malume kapena wa zakhali, munthu woseka naye, amene kale ankatha kukwatirana naye. Ana a amuna awiri apachibale ndi mkulu ndi mng'ono wake basi. Chimodzimodzinso pamene Killmonger akupatsa moni Ramonda, mkazi wa T'Chaka, ndi liu lakuti auntie, liu loyenera si azakhali koma amai aakulu.

4. Abale a Shaka

Sewero la Shaka Zulu la mu 1986, la zigawo 10, adalitsogolera William C. Faure, ndipo Henry Cele ndiye adasewera ngati Shaka. Nkhani yaikulu ikusimbidwa kupyolera mwa Mzungu, Henry Fynn, ndipo Azulu akulankhulana m'Chingerezi m'mbali zambiri. Sewero la Shaka iLembe, limene lidayamba pa Mzansi Magic mu June 2023, likusimba za ufumu womwewo m'Chizulu, Chingerezi nkukhala cha m'munsi mwa chithunzi. Kusintha kumeneku kwabwezera m'kamwa mwa ochita sewero mau amene lamulo la ufumu limakhalamo.

Choyamba ndi dzina lenilenilo. Kunena kuti Shaka kaSenzangakhona kaJama ndi kutchula mzere wa kuchimuna, ndipo mphatikiram'mbuyo ka- ndi umboni wakuti munthuyo ali ndi gawo m'nyumba yachifumu. Vuto la Shaka linali lakuti mai ake, Nandi wa kwa Langeni, sanali mkazi wamkulu, ndipo mwanayo adakulira kunja kwa mudzi wa bambo ake. Senzangakhona atamwalira cha m'ma 1816, amene adalowa ndi Sigujana, ndipo Shaka adatenga mpando mothandizidwa ndi Dingiswayo wa Amthethwa.

Chachiwiri ndi liu la Chingerezi lakuti half-brother. Malinga ndi mbiri yosungidwa pakamwa, amene adapha Sigujana ndi Ngwadi, mwana wa Nandi wa bambo wina. Amene adapha Shaka mu 1828 ndi Dingane ndi Mhlangana, ana a Senzangakhona a amai ena, mothandizidwa ndi Mbopha. Chingerezi chimawatcha onsewa ndi liu limodzi lija. Koma kwa Mzulu, Dingane ndi wa nyumba yachifumu ndipo angathe kulowa, pamene Ngwadi alibe gawo. Kwa Mchewa zinthu nzotembenuka: Ngwadi ndiye m'bale weniweni wa bere limodzi, pamene Dingane ndi wa mbumba ina. Womasulira akangoti m'bale wake, woonera sangamvetse chifukwa chimene Ngwadi adakhalira wokhulupirika ndi chimene Dingane adakhalira woopsa. Pafunika kunena momveka kuti wa mai mmodzi kapena wa bambo mmodzi.

Chachitatu ndi Mkabayi kaJama, mlongo wa Senzangakhona, amene adagwirizira ufumu mlongo wakeyo ali wamng'ono ndipo adakhala ndi liu pa kulongedwa kwa mafumu otsatira. Kwa Shaka iye ndi ubabekazi, liu lopangidwa ndi baba ndi -kazi, monga momwe Chitswana chimanenera kuti rakgadi ndipo Achewa ena amati bambo wamkazi. Mauwa akuonetsa kuti maiyu ndi bambo m'maonekedwe a chikazi, ndipo nchifukwa chake amalankhula pa za mpando. Avenda ali ndi makhadzi wa udindo womwewo, amene oonera sewero la Muvhango, loyamba mu 1997, adamzolowera pa mikangano ya ufumu wa kwa Mukwevho. Ku Malawi nakonso, Gomani IV atamwalira mu 2009, mlongo wake adagwirizira mpando kufikira mwana wa malemuyo adalongedwa mu 2012. Liu lobwereka lakuti anti silinganyamule udindo wotere.

5. Kalonga ndi Mfumukazi

Liu lakuti prince lakhala likumasuliridwa kuti kalonga, potsata omasulira Baibulo amene adaligwiritsa ntchito potchula akuluakulu a pansi pa mfumu. Koma m'mbiri ya Amaravi, Kalonga anali mfumu yaikulu ya fuko la Phiri, ndipo ambiri amalumikiza dzinali ndi mneni longa, kutanthauza amene amalonga ena ufumu. Mpaka lero Kalonga Gawa Undi, amene amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, amalandira mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia pa mwambo wa Kulamba. Tsono kutcha Akeem wa m'filimu ya Coming to America ya mu 1988 kuti kalonga, pamene bambo ake akutchedwa mfumu, ndi kuika mwana pamwamba pa kholo lake kwa woonera wodziwa mbiri. Tikuganiza kuti pamene kubadwa ndiko kukunenedwa, mau akuti mwana wa mfumu ngokwanira, ndipo pamene mpando ndiwo ukunenedwa, tinene kuti wodzalowa ufumu. Kachigawo ka -dza- kakusiyanitsa woyembekeza ndi wolowa kale.

Liu lakuti mfumukazi lilinso ndi vuto lake. M'chaka cha 1952 ku Britain kunali amai atatu otchedwa queen nthawi imodzi: Elizabeth II wolamulira, mai ake, ndi agogo ake, Mary. M'Chichewa dzina lakuti mfumu silisonyeza kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mai wolongedwa ufumu m'mudzi amatchedwa mfumu kapena ndi dzina la ufumuwo. Motero Elizabeth II ndi mfumu, pamene enawo ndi mai wa mfumu ndi gogo wa mfumu. Amaravi adasiyanitsa maudindo otere ndi maina ao: Nyangu anali mai kapena mlongo wa Kalonga, kumene mafumu ankachokera, pamene Mwali anali mkazi wa Kalonga wochokera ku fuko la Banda. Mainawa sitingawabwereke kuti titchulire amai a ku London, koma akutikumbutsa kuti liu limodzi silingakwanire onse.

6. Iwe ndi Inu

Chingerezi cha masiku ano chili ndi mlowam'malo mmodzi, you, wa mwana ndi mfumu yemwe. Nchifukwa chake The Crown ikuonetsa kusintha kwa udindo ndi thupi: Elizabeth atabwera kuchokera ku Kenya, agogo ake Mary akumuweramira osalankhula kanthu. Chichewa sichilola womasulira kukhala chete chotero, popeza mneni aliyense amafuna mgwirizanitsi, u- kapena mu-. Pa nkhani ya mu 1955, pamene Margaret adalephera kukwatiwa ndi Peter Townsend, sewero likuonetsa Elizabeth atagawanika pakati pa chibale ndi ufumu. Tiyerekeze Margaret akulankhula:

(2) a. Udandilonjeza, ndipo lero ukundikana.
b. Mudandilonjeza, ndipo lero mukundikana.

Mu (2a) akulankhula ndi mkulu wake amene adakulira naye limodzi. Mu (2b) akulankhula ndi mfumu. Womasulira waluso angayambe ndi (2a) ndi kutsiriza ndi (2b), ndipo kusinthako kudzanena zimene Chingerezi chimafuna nkhope ya wochita sewero kuti chinene. Pano chinenero chathu chili ndi chida chimene chinenero choyambacho chilibe.

Chizulu chimaonetsa ulemu wa mfumu makamaka ndi mau olonjera ndi mayamiko a fuko, monga Bayede kwa mfumu yaikulu ndi Ndabezitha. Mau awa sayenera kumasuliridwa. Angoni a Zwangendaba, amene adaoloka Zambezi mu 1835, ndi Angoni a Maseko adabwera nao mau a ulemu otere, ndipo Bayethe amamveka pa miyambo ya ku Mzimba, Chipata ndi Ntcheu. Kuika m'malo mwake mau olonjera Gawa Undi kungakhale kupatsa Shaka ufumu wa eni ake.

Mafilimu ena amagwiritsa ntchito chinenero chenichenicho ngati umboni wa wolowa. M'chigawo china cha The Crown, Charles akuphunzira chinenero cha ku Wales ku Aberystwyth kwa Edward Millward, pokonzekera mwambo wa ku Caernarfon wa pa 1 July 1969. Mu Black Panther, chinenero cha ku Wakanda ndi Chixhosa, chimene John Kani adachilowetsa posewera ngati T'Chaka, ndipo Killmonger, wokulira ku America, akutchula dzina lake ndi la bambo ake m'chinenerocho pamaso pa akuluakulu. Womasulira akaika liu lake la Chichewa pamwamba pa zonse mofanana, woonera sazindikira kuti munthuyo wasintha chinenero, ndipo umboniwo umatayika. M'malo otere ndi bwino kuleka mau oyambawo amveke kaye, kumasulira nkubwera pambuyo.

7. Mau Otsiriza

Nkhaniyi ikukhudza zambiri kuposa zosangalatsa. Lamulo la mafumu la dziko la Malawi la mu 1967 limafuna kuti wolongedwa akhale woyenera malinga ndi mwambo wa dera lake, ndipo mwambowo umasungidwa m'mau amene takambawa. Mwana amene wakula akumva malume, bambo wamng'ono ndi mwamuna wa zakhali onse akutchedwa ankolo adzavutika kutsata mlandu wa ufumu wa m'mudzi mwake. Akamaona m'filimu iliyonse kuti mwana wobereka mfumu ndiye wolowa, popanda liu losonyeza kuti umenewo ndi mwambo wa eni filimuyo, angayambe kuyesa mwambo wa kwao ngati cholakwika.

Motero tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, womasulira asanayambe ntchito alembe ndondomeko ya chibale cha anthu onse a m'filimumo, ndi kusankha liu la aliyense potsata mbali imene akuchokera. Chachiwiri, maina a maudindo ndi mau olonjera a mtundu wina, monga kgotla, makhadzi ndi Bayede, asiyidwe momwe alili ndipo afotokozedwe kamodzi pamene akumveka koyamba. Chachitatu, ife ophunzira zinenero za m'chigawo chino tisonkhanitse mndandanda woyerekeza mau a chibale, a ufumu ndi a ulemu m'zinenero zathu, wosonyeza pa liu lililonse ngati likutsata kuchimuna kapena kuchikazi. Zitsanzo za motshwareledi, ibambabukhosi ndi wogwirizira, ndiponso za ubabekazi, rakgadi ndi makhadzi, zikuonetsa kuti zinenero zathu zimamasulirana bwino zokhazokha kuposa pamene zadzera m'Chingerezi, ndipo mndandanda wotere ungathandize womasulira Shaka iLembe m'Chichewa kuyambira pa Chizulu chimene chikulankhulidwa, osati pa Chingerezi cha m'munsi mwa chithunzi.